Usanagulitse Nyumba, Yamba Wayenda M'malire



Lero tifuna kucheza nanu za chinthu chimene ambiri sayembekeza kuchimva pa ulaliki, ndicho malire a pakati pa nyumba ziwiri. Ena mwa inu anena kuti: «Kodi ansembe asowa cholalika, kuti ayambe za mipanda ndi za mapuloti?» Iyayi, sitinasowe cholalika. Koma ife amene timayendera miphakati ndi kukhala pa maliro anu, taona ndi maso athu kuti kachigawo kakang'ono ka nthaka, kosakwana kulimapo ngakhale mizere itatu ya chimanga, kamatha kulekanitsa mabanja amene anakhala zaka makumi awiri akupemphana mchere ndi moto. Ndipo nthawi imene udani wotere umabuka kawirikawiri ndi pamene mmodzi wa iwo afuna kugulitsa nyumba yake. Pakuti pokhala anthu ozolowerana, malire amagona tulo. Koma pakangofika mlendo ndi ndalama m'manja, malirewo amadzuka.

Tisadabwe kuti milandu imeneyi yachuluka masiku ano. Pa kalembera wa chaka cha 1966 anthu m'Malawi muno tinali oposa pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni ndi theka. Anthu tachuluka kanayi, koma nthaka ndi yomwe ija, sinaonjezekere ngakhale phazi limodzi. Malo amene agogo athu ankangolozerana ndi dzanja, lero tikuwayeza ndi chingwe.

Nkhani ya mayi wamasiye

Tikusimbireni zimene zinachitika mu mphakati wina wa m'tauni. Maina sititchula, pakuti eni ake akali moyo ndipo anayanjana kale.

Mayi wina, mwamuna wake atamwalira, anatsala ndi nyumba ya njerwa yofolera malata ndi ana atatu a pasukulu. Moyo wa m'tauni utamulemera, anaganiza zogulitsa nyumbayo kuti alipirire anawo sukulu, iye abwerere kumudzi kukalima. Anapezeka wogula, bambo wina amene anali atangopuma pa ntchito ya ukalaliki, ndipo ndalama zake zopumira ndizo zinali chuma chake chonse. Anagwirizana mtengo, bamboyo napereka theka, nalonjeza kuti theka lotsala adzapereka makalata akasinthidwa.

Tsiku lina wogulayo anabwera ndi mmisiri kudzayeza pomanga mpanda. Atangokhoma chikhomo choyamba pafupi ndi mtengo wa mango umene unali pambali pa bafa, mnansi wa nyumba yoyandikana anatuluka, munthu wachikulire, mkhristu wodziwika amene ankatsogolera mapemphero a kolona mu mphakatimo. Iye anati: «Pepani bambo, chikhomocho zulani. Pamene pali bafapo ndi panga. Malemu anandipempha kale kuti amangepo mongobwereka, ndipo ine ndinalola chifukwa tinali pa chibale. Koma sindinawapatse kuti pagulitsidwe.»

Wogula uja anazizidwa nkhongono. Mayi uja anatuluka nayamba kulira, nati: «Bambo, mwadikira kuti amuna anga amwalire kuti mundilande malo? Bwanji simunanene iwo akali moyo?» Anthu anasonkhana, mawu oipa ananenedwa mbali zonse ziwiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo moni anatha. Ana analetsedwa kusewera limodzi. Lamulungu ku Misa, pa nthawi yopatsana mtendere, mayiyo ndi mnansi wakeyo aliyense ankayang'ana kumbali. Mphakati nawo unagawikana: ena ankati mayi wamasiye akuponderezedwa, ena ankati mkuluyo sanganame.

Tiyambe taisiya pamenepa nkhaniyi, tidzaibwerera. Tsopano tifunse kuti Malembo Oyera akutiphunzitsa chiyani.

Mulungu amasamala za malire

M'buku la Deuteronomo, mutu 19 ndime 14, Mose analetsa Aisraele kusuntha chizindikiro cha malire a mnzawo chimene makolo anaika. Pa mutu 27 ndime 17 ya buku lomwelo, munthu wochita zimenezi waikidwa m'gulu la anthu otembereredwa, pamodzi ndi wosocheretsa wakhungu pa njira ndi wopotoza mlandu wa mlendo, wa mwana wamasiye ndi wa mkazi wamasiye. Taganizirani, abale, kulemera kwake kwa tchimoli. Chifukwa chake nchakuti kusuntha malire ndi umbava wochitika mwakachetechete. Wakuba mbuzi amathyola khola usiku umodzi, mmawa anthu naona mapazi ake. Koma wakuba malire amaba ndi khasu, mzere umodzi chaka chino, mzere wina chaka chamawa, ndipo pomwalira amasiyira ana ake chinthu chakuba iwo osadziwa.

Kumbukiraninso za Naboti m'buku loyamba la Mafumu, mutu 21. Mfumu Ahabu inasirira munda wake wamphesa chifukwa unali pafupi ndi nyumba yachifumu. Naboti atakana kugulitsa cholowa cha makolo ake, Yezebele anakonza mboni ziwiri zonama, ndipo munthu wosalakwayo anaponyedwa miyala mpaka kufa. Taonani m'mene machimo atatu anabadwirana: kusirira kunabala umboni wonama, umboni wonama unabala kupha ndi kulanda. Pa katekisimu timaphunzitsa ana athu kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri limaletsa kuba, lachisanu ndi chitatu limaletsa umboni wonama, ndipo lakhumi limaletsa kusirira chuma cha mwini. Pa mlandu wa malire malamulo atatu onsewa amakumana pa chikhomo chimodzi.

Koma Malembo sangotiopseza ayi, amationetsanso kagulidwe koyenera. Sara atamwalira ku Hebroni, Abrahamu anafuna malo oti amuike, monga tikuwerenga m'buku la Genesis mutu 23. Efroni, mwini mundawo, ananena mwaulemu kuti angompatsa. Abrahamu sanalole. Anayeza masekeli 400 a siliva pamaso pa anthu onse amene anali pa chipata cha mzinda, ndipo zinatchulidwa momveka zimene wagula: mundawo, phanga la Makipela limene linali m'menemo, ndi mitengo yonse ya m'kati mwa malire ake. Ngakhale mitengo inawerengedwa! Abrahamu anali pa maliro, mtima uli wosweka, komabe anadziwa kuti chinthu chopatsana pa chisoni popanda kulongosola chimadzasanduka mlandu wa adzukulu.

Chimodzimodzinso mneneri Yeremiya, pa mutu 32 wa buku lake. Yerusalemu atazingidwa ndi ankhondo a ku Babiloni, iye ali m'ndende, anagula munda wa ku Anatoti kwa Hanamele, mwana wa mbale wa bambo wake, pa mtengo wa masekeli 17 a siliva. Anali pa chibale, komabe Yeremiya analemba kalata ya panganolo, anaitana mboni, anayeza ndalamazo pa sikelo. Makalata anali awiri, ina yomata ndi ina yosamata, ndipo anawapereka kwa Baruki kuti awasunge mu mbiya yadothi kuti akhalitse. Tsono ngati mneneri wa Mulungu sanachite manyazi kulemberana kalata ndi mbale wake, ife tichitiranji manyazi? Ambiri mwa ife timati: «Kulemberana nkusakhulupirirana.» Ayi ndithu. Kulemberana ndi kuchitira chifundo ana amene adzatsale ife titapita, pakuti pakamwa pamaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake, koma kalata imatsala.

M'mene mlandu uja unathera

Tibwerere kwa mayi uja. Katekisti wa kumeneko, munthu wodekha, sanathamangire kuweruza. Choyamba anapita kwa wogula namupempha kuti ayambe waimitsa zomanga mpanda ndi zopereka ndalama zotsala, napemphanso mayiyo kuti theka limene analandira asalidye kufikira nkhani itatha. Kenaka anayendera mbali ziwirizo, iliyonse payokha, natenga akuluakulu awiri a mphakati, mwamuna ndi mkazi. Sanapite kukakamba za nthaka, anapita kukamvetsera. Kwa mnansi uja anapeza kuti chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali malowo, koma kuti nyumba inagulitsidwa iye osauzidwa, ngati kuti zaka zonse za chinansi zinali chabe. Kwa mayiyo anapeza mantha: ankaopa kuti wogula akabweza mtima, ndalama za sukulu zidzasowa.

Pa ulendo wachiwiri mayiyo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: «Aphunzitsi, pali chimene sindinanene. Malemu akudwala anandiuza kuti bafali lili pa malo a eni ake, ndipo kuti ndidzalankhule nawo. Pamene wogula anapezeka, mwana wanga wamkulu anati, Amayi, ingogulitsani msanga, akakangana adzakangana okha ife titapita. Ine ndinamvera mwana, ndinasiya mawu a bambo wake.» Mawu amenewa sanawanene m'chinsinsi cha kulapa ayi; anawanena poyera, ndipo pambuyo pake anawabwereza yekha pamaso pa mphakati wonse. Abale, kulimba mtima kotereku sikuchokera kwa munthu, ndi chaulere cha Mzimu Woyera.

Komabe katekisti uja anadziwa kuti kuvomera kwa mayiyo sikunaonetse pamene penipeni mzere udutsa. Choncho mabanja awiriwo anatulutsa makalata awo, napita ku ofesi yosunga mapu a mapuloti a dera limenelo, nasonkherana ndalama zoitanira woyeza malo wovomerezeka ndi boma. Iye atabwera ndi zida zake anayeza, nauza anyamata kuti akumbe pa dzala. Pansi pa phulusa la zaka zambiri anapeza bikoni ya simenti ili chiimire pamene inaikidwa. Mnansi uja ananena zoona: bafa lonse linali m'puloti yake, ndipo mtengo wa mango unali pa mzere penipeni. Koma woyeza malo sanalekere pomwepo. Anapita kumbuyo kukafuna bikoni ina, ndipo kumeneko kunapezeka kuti mpanda wa nkhadze wa mnansiyo unali utalowa m'puloti ya mayi wamasiye pafupifupi mita imodzi, ndipo mkuluyo anakhala akudzalapo mpiru ndi tomato zaka zambiri.

Mkuluyo anavula chipewa nagwira pakamwa. Pambuyo pake anati: «Mayi, ine ndinatuluka kudzatsutsa wakuba, osadziwa kuti khasu langa lomwe linali m'munda mwanu. Mundikhululukire.» Mayiyo anayankha kuti: «Bambo, inu munalakwa osadziwa, koma ine ndinabisa ndikudziwa. Woyamba kupepesa ndine.»

Zotsala zinali zosavuta. Anagwirizana kuti malire atsate mabikoni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mnansi analola kuti bafa likhalepo kufikira mvula itatha, pamene njerwa zingaumbidwe, ndipo iye anazula nkhadze zake atakolola ndiwo zija. Mtengo wa nyumba unatsitsidwa molingana ndi ndalama zomangira bafa latsopano, ndipo kutsikako kunamuwawa mayiyo, pakuti tambala iliyonse inali ndi ntchito yake. Koma akhristu a mu mphakati anasonkha pang'onopang'ono namuthandiza pa ulendo wake wa kumudzi. Za mango anati mtengowo usadulidwe popanda mbali zonse kuvomera, ndipo ana a nyumba ziwirizo azidya. Zonsezi zinalembedwa, atatu onsewo anasaina pamaso pa mboni, aliyense natenga kalata yake. Wogula uja analowa m'nyumba yopanda mlandu, ndipo munthu woyamba kumubweretsera madzi akumwa tsiku losamuka anali mkazi wa mnansi uja.

Mawu kwa wogulitsa

Tsopano, okondedwa, tiyeni titolepo maphunziro. Tiyambe ndi inu amene mufuna kugulitsa nyumba. Makolo athu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Musanalengeze kuti nyumba ili pa malonda, pitani kwa anansi a mbali zonse, muwauze, ndipo muyende nawo m'malire kuchokera ngodya ina kufika ngodya ina. Ngati pali khoma, khitchini, chimbudzi, chitsime, njira yodutsa kapena mtengo umene wina akuukayikira, nkhaniyo ithe wogula asanabwere. Ngati siinathe, muuzeni wogulayo poyera asanapereke ndalama. Munthu amene agulitsa nyumba nabisa mlandu wa malire ali ngati wogulitsa ng'ombe yodwala ataipaka mafuta kuti iwale. Sanganene kuti: «Sanandifunse.» Kukhala chete pamene mnzako akutaya chuma chake chifukwa chosadziwa chimene iwe ukudziwa, ndi bodza lomwe. Ndipo chiphunzitso cha Eklezia nchomveka: amene wapeza phindu monyenga sakwaniritsa kulapa kwake ndi mawu okha, ayenera kubweza monga momwe angathere, monga anachitira Zakeyo. Paja mlandu suola. Mukhoza kusamukira kutali, koma chikumbumtima chimakwera nanu basi yomweyo.

Ngati nyumbayo ndi ya malemu, onetsetsaninso kuti amene akugulitsayo ali ndi chilolezo choyendetsera chuma chamasiye, ndipo kuti onse oyenera kulandirapo gawo akudziwa. Lamulo la chuma cha anthu omwalira la chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu pamaso pa boma, monganso ndi tchimo pamaso pa Mulungu.

Mawu kwa mnansi

Kwa inu anansi tikuti: ngati muli ndi dandaulo loona, musalisunge m'thumba kudikira tsiku la malonda kuti mudzalitulutse ngati mpeni. Mkulu wa m'nkhani yathu ananena zoona, koma anachedwa nazo zaka zambiri, ndipo kuchedwako kunavulaza mayi wamasiye ndi mlendo wosalakwa. Mukabwereketsa malo, nenani momveka kuti ndi obwereka, ndipo lemberanani tsiku lomwelo.

Alipo enanso amene alibe dandaulo konse, koma akaona mnzawo ali pa mavuto, wofuna ndalama msanga, amautsa mlandu wabodza kuti awapatse kanthu kotsekera pakamwa. Otere amve chenjezo la m'buku la Miyambo, mutu 15 ndime 25 ndi mutu 23 ndime 10 ndi 11, pamene tiphunzira kuti Mulungu mwini ndiye mlonda wa malire a mkazi wamasiye ndi mtetezi wa minda ya ana amasiye. Wolimbana ndi ofooka pa nkhani ya nthaka akulimbana ndi Mwini nthaka. Komanso tisaiwale kuti malire amene Mulungu amateteza ndi malire oona. Umasiye kapena umphawi sizisandutsa bodza kukhala choona, ndipo mphakati umene uikira kumbuyo munthu chifukwa chomumvera chisoni chokha, osafufuza, ukhoza kulakwira wosalakwa.

Mawu kwa wogula

Kwa inu ogula tikuti: kuona maso a nkhono nkudekha. Musapereke ndalama zanu chifukwa chakuti nyumba yakongola utoto, kapena chifukwa wogulitsa wanena kuti pali wina amene akuifunanso mawa. Pemphani makalata muwaone. Ngati malowo analembetsedwa ku boma, Unduna wa za Malo uli ndi maofesi a kaundula ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kumene munthu angathe kufufuza kuti mwini wake ndani ndiponso ngati malowo ali pa chikole cha ngongole kapena pali wina amene anaikapo chiletso. Ngati puloti ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda kapena bungwe la nyumba la boma, kafunseni kumeneko. Pemphani kuti akuonetseni mabikoni onse ndi maso, ndipo ngati ena sakuoneka, itanani woyeza malo wovomerezeka. Ndalama zomulipira nzochepa poyerekeza ndi mtengo wa khoma limene mungadzaligwetse. Musazule kapena kusuntha bikoni nokha, ngakhale mukhulupirire kuti ili polakwika, pakuti kutero nkulakwira malamulo a dziko. Ndipo musanamalize malonda, gogodani pa khomo la mnansi mupereke moni. Mnansi amadziwa zimene makalata sanena.

Kwa inu a kumudzi, kumene malire ndi chulu, mtsinje, mzere wa khonje kapena mtengo wa mkuyu, dziwani kuti chulu chimaphwasulidwa poumba njerwa, mtsinje umasintha njira, mtengo umagwa. Musasinthane nyumba kapena malo mfumu ndi akubanja osadziwa. Malamulo atsopano a za malo amene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yoti malo a makolo azilembetsedwa, anakhazikitsa makomiti a za malo m'midzi momwe amayi ali ndi mipando yawo, ndiponso mabwalo omva milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kufika pa boma. Musanagwirizane malonda aliwonse, kafunseni ku ofesi ya za malo ya m'boma lanu chimene lamulo likulola pa malo a mtundu wanuwo. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa munthu.

Mawu kwa mboni

Nanga inu akuluakulu amene munalipo pamene malire ankaikidwa? Tsiku lina adzakuitanani. Wina adzabwera usiku ndi nkhuku kapena kabotolo, wina adzakukumbutsani kuti ndinu apachibale. Kumbukirani mboni ziwiri zija za Yezebele. Nenani chimene munaona, ndipo pamene mwaiwala nenani kuti mwaiwala. Nkhalamba yonena kuti «pamenepa sindikumbukira» ndi yolemekezeka koposa yoloza ndi ndodo molimba mtima pamalo pamene sikudziwa.

Mawu kwa makatekisti ndi atsogoleri a miphakati

Pomaliza tilankhule nanu inu anzathu pa ntchito ya Ambuye. M'Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 12, munthu wina anapempha Yesu kuti auze mbale wake agawane naye cholowa. Ambuye anakana kukhala wogawa chumacho, m'malo mwake anachenjeza anthu onse za umbombo. Pamenepa pali phunziro lathu. Ife si oyeza malo, ndipo si oweruza a boma. Katekisti amene atenga chingwe nalamula kuti malire adutse apa, walowa ntchito imene si yake, ndipo akalakwitsa, anthu adzada Eklezia. Ntchito yathu ndi ya mitima: kuziziritsa mkwiyo, kumvetsera mbali zonse, kulimbikitsa woopa kuti anene zoona, ndi kuperekeza anthu kwa amene ali ndi udindo woyeza ndi woweruza. Musalandire mphatso kwa mbali iliyonse nkhani isanathe. Ngati mmodzi wa okanganawo ndi mbale wanu, pemphani wina aimirire m'malo mwanu. Ndipo musapite nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Njira yake Ambuye anationetsa kale pa Mateyo mutu 18: poyamba kukambirana awiri, zikakanika kutenga mmodzi kapena awiri, zikakanikabe kubwera nazo ku mpingo. Pa mutu 5 anatilangiza kuyanjana ndi wotsutsana naye tikali pa njira, tisanafike kwa woweruza, ndiponso kuti munthu ayambe wakayanjana ndi mbale wake asanapereke mphatso yake pa guwa. Sitikunena kuti kupita ku khoti ndi tchimo. Pamene mbali ina yaumitsa mtima, kapena pali chinyengo cha makalata, khoti ndi chitetezo cha wofooka, ndipo tisamuletse kupitako ponamizira mtendere. Koma tidziwe kuti milandu ya malo imatha kutenga zaka, nyumba ili chiimire yosagulitsika, ndalama zikuthera m'maulendo, ndipo ngakhale wopambana amabwerera kukakhala pafupi ndi mdani moyo wake wonse. Woweruza angathe kukubwezera mita imodzi ya nthaka, koma sangakubwezere mnansi wodzakuthandiza usiku mwana akadwala.

Nthaka ndi ya Mulungu

Abale ndi alongo, pamene abusa a Abrahamu ndi abusa a Loti anakangana chifukwa cha msipu, Abrahamu, amene anali wamkulu ndi woyenera kusankha poyamba, anasiyira Loti kuti asankhe, chifukwa anaona kuti chibale nchoposa msipu. Loti anatenga chigwa chobiriwira cha Yordani, koma madalitso anatsala ndi Abrahamu. Sitikuti munthu aliyense azingotaya malo ake, makamaka pamene ndi cholowa cha ana. Chilungamo chiyenera kuyamba, choona chidziwike. Koma choona chikadziwika, pamatsala mpata wa chifundo: kupatsa mnzako nthawi yoti asamutse bafa, kumulola akolole ndiwo zake, kusiya mtengo wa mango kuti ana onse adye. Mabikoni amaonetsa pamene nthaka yako ithera, koma sayeza pamene chikondi chako chiyenera kuthera.

Buku la Levitiko, mutu 25, limatikumbutsa kuti dziko ndi la Mulungu, ndipo ife tili ngati alendo ogonera pa malo ake. Tonsefe, ogulitsa ndi ogula, eni mapuloti aakulu ndi okhala m'nyumba za lendi, tsiku lina adzatiyezera malo ofanana, ndipo pa malo amenewo palibe amene adzakangane ndi mnansi wake. Tsono bwanji tisayambe lero kukhala mwamtendere umene tidzakhale nawo pamenepo?

Sabata ino tikupempheni chinthu chimodzi. Bambo ndi mayi, tengani ana anu akuluakulu muyende nawo m'malire a pakhomo panu, muwaonetse pamene pathera panu. Ngati pali malo obwereka, auzeni kuti ndi obwereka. Ngati khasu lanu linalowerera kwa eni, pitani mukanene nokha asanabwere woyeza malo. Ndipo ngati pali mnansi amene simupatsana naye moni chifukwa cha nthaka, musafike Lamulungu likudzali musanagogode pa khomo pake.

Tipemphere. Atate a chifundo, Inu munalenga dziko lapansi ndi kutipatsa kuti tikhalemo ngati abale. Chotsani m'mitima mwathu umbombo ndi mantha amene amatibisitsa choona. Patsani nzeru mafumu athu, oyeza malo ndi oweruza milandu, kuti asakondere munthu. Tetezani amayi amasiye ndi ana awo, tetezaninso amene akugula pogona ndi thukuta la moyo wawo wonse. Yanjanitsani anansi amene adana, kuti pa guwa lanu apatsane dzanja ndi mtima woona. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni, inu ndi a m'nyumba mwanu, pamodzi ndi anansi anu a mbali zonse. Gonani bwino.